Mmene Mayi Jolán Anayendetsera Basi ya ku Zvolen

Mayi Jolán anabadwira m'mudzi mwathu mpaka kumereramo imvi osalankhula Chisilovaki, chinenero cha boma. Sikuti ankadana nacho, kungoti sichinkawapeza. Kuno kumunsi kwa mtsinje wa Hron wansembe amalalikira m'Chihangare, wogulitsa nyama amakunamiza m'Chihangare, ngakhale agalu amamva Chihangare. Kusukulu anatiphunzitsa Chisilovaki tonse, koma chawo anachisiya pa benchi tsiku lomaliza.

Pa za boma panali amuna awo, a Gáspár. Kuchipatala kapena ku maofesi a m'tauni ya Levice a Gáspár ankayima kutsogolo chipewa chili m'manja, mayi Jolán kumbuyo, akuwatsina msana akaona kuti akugonja msanga.

"Ine ndili ndi pakamwa pawiri," ankatero. "Pena ndi apa, penapo pavala chipewa."

Ntchito yawo inali atsekwe. Ali mtsikana ankaweta a pafamu ya gulu, famuyo itatha anayamba kuweta awo. Ndi munthu wamfupi, koma mawu awo anakulira pa atsekwe, ndiye amawoloka msewu, munda ndi makoma awiri. Woweta atsekwe sapempha, amalamula. Ine ndine Imrich, mpanda wathu ndi umodzi, choncho zambiri za moyo wawo ndazimva osafuna.

A Gáspár anamwalira chipale chofewa chitangosungunuka. Patapita milungu ingapo kunabwera mwana wawo, Timea, amene anakwatiwa ku Zvolen ndi Ctibor, Msilovaki wa kumapiri. Ctibor ndi munthu wabwino. M'Chihangare amadziwa kunena kuti zikomo ndi kuti ndakhuta, ndipo lachiwirilo apongozi ake salimva. Tsikulo ndinkakhoma thabwa pampanda.

"Amayi, nyumbayi tigulitse chisanu chisanabwere," anatero Timea. "Kwathu chipinda chilipo."

"M'mwamba mwa nyumba yosanja muja? Moti ukalavula malovu amafika pansi mawa?"

"Muli nokha tsopano. Mukadwala mukafika bwanji kuchipatala chachikulu? Tikiti ya basi yomwe simungagule."

"Ndingagule."

"Ndi chiyani, ndi zala?"

"Iwe ndinakubereka ndilibe Chisilovaki, ndipo unatuluka bwinobwino."

Timea anatenga mtima wa mayi ake. Anati, "Chabwino. Masamba asanathe kuyoyoka mubwere kwathu pa basi, nokha. Popanda wokutengani, popanda wokulankhulirani. Mugule tikiti nokha, mufunse njira nokha, zonse m'Chisilovaki. Mukafika, za nyumba sindidzatchulanso. Mukalephera, tibwera ndi galimoto ya katundu."

"Nanga atsekwe anga?"

"Atsekwe tidzadya."

Mawa lake m'mamawa ndinawaona mayi Jolán akuwoloka msewu ndi mkate wa mtedza wokulunga m'nsalu, akulowera kwa a Vendelín.

A Vendelín ndi Msilovaki amene anabwera kwathu chifukwa cha ukwati n'kukhalira pomwepo. Anayendetsa basi ya Levice ndi Zvolen mpaka maso atayamba kuwanamiza. Basi yawo itakalamba nayonso, anaikokera pabwalo pawo ndi thirakitala. Ilibe matayala, yakhala pa njerwa. Mipando ya kumbuyo nkhuku zimayikiramo mazira, ndipo chitseko chimatseguka ndi chingwe.

Anavomera kuphunzitsa, koma anati chinenero cha m'basi sichiphunziridwa patebulo. Malipiro anali mkate wa mtedza. Ine anandiitana kuti ndizikhala wokwera.

"Inu mukuyenera, achimwene," anandiuza. "Simulankhula, mumangoyang'ana pawindo. Wokwera weniweni."

Phunziro linkayenda chonchi. A Vendelín ankavala chipewa chawo cha ntchito n'kukhala pachiwongolero. Ine ndinkakhala pakati, nkhuku kumbuyo. Mayi Jolán ankayima panja pa mtengo wa maplamu, umene unali siteji. A Vendelín akakoka chingwe, iwo ankakwera, kupereka moni, kutchula kumene akupita ndi kupempha tikiti ya okalamba. Akalakwitsa ankawatsitsa kuti akayambirenso pamtengo.

Vuto loyamba linali nthawi. A Vendelín ankatsata ndondomeko ya basi yeniyeni. Tsiku lina mayi Jolán anachedwa chifukwa tsekwe wina anatsekereza mutu pawaya. Anapeza chitseko chotseka, aphunzitsi akuyang'ana kutsogolo, milomo ikunjenjemera ngati injini.

"A Vendelín, tsegulani."

"Yanyamuka, mayi. Ina ibwera masana."

"Yanyamuka bwanji ili pa njerwa?"

"Musalankhule ndi dalaivala basi ikuyenda."

Anayimirira pamenepo ndi mkate wawo, ife tikudutsa m'midzi imene sitinkaiona. Masana anabwera nthawi isanakwane.

Mawu amodzi amodzi sankawavuta. Lístok ndi tikiti, zastávka ndi siteji. Chinawakwiyitsa ndi mayina a matauni.

"Tauniyo ndi Zvolen," anatero a Vendelín. "Koma mukamapitako mumati do Zvolena. Mukakhala mwafika, ndi vo Zvolene."

"Nanga tauniyo imadziwa bwanji kuti ndikubwera?"

"Siyidziwa. Ndi malamulo."

"Mudzi waulemu susintha dzina chifukwa kwabwera mlendo."

"Chihangare chanu chija chimamata michira khumi pa liwu limodzi, ine ndinadandaulapo?"

"Yathu ndi michira yoleredwa bwino."

Chovuta kwambiri chinali kupempha. Liwu lakuti chonde, prosím, linkawakanirira pakhosi ngati fupa. Ankalitchula ngati akuopseza munthu. A Vendelín ankawatsitsa kambirimbiri chifukwa cha liwu limodzi lomwelo, mpaka udzu unauma panjira ya pakati pa mtengo ndi chitseko.

Koma panali Chisilovaki china chimene ankachitola popanda wowaphunzitsa. A Vendelín akakhala pachiwongolero ankakalipira nkhuku monga ankachitira ndi anthu kale. Sunthirani kumbuyo. Musatseke khomo. Konzani matikiti. Mpando uwu ndi wa okalamba. Potsikira ndi kumbuyo. Mawu amenewa analowa mwa mayi Jolán ngati madzi mumchenga, chifukwa ankafanana ndi mmene iwo amalankhulira kwa atsekwe. Posakhalitsa nkhuku zinayamba kuwamvera iwo kuposa eni ake.

Phunziro likayenda bwino, mphoto yake inali ulendo. A Vendelín ankatiyendetsa njira yonse ya ku Zvolen ndi pakamwa, akupinda chiwongolero ndi kutchula zonse m'Chisilovaki. Apa kumanzere. Lunjikani. Pamlatho kumanja. Pa tchalitchi pang'onopang'ono. Apa siteji. Apa tipume. Mayi Jolán ankakhala mpando wa kutsogolo, chikwama pamiyendo, akubwereza ngati mapemphero. Pofika nthawi yokolola mphesa njirayo anali atailoweza yonse. Palibe mwa ife atatu amene anaganizirapo zoti a Vendelín anadutsa komaliza msewu umenewo tsitsi lawo lili lakuda.

Tsiku la ulendo lisanafike, a Vendelín anabwera pampanda panga.

"Mupite nawo, achimwene. Musawathandize. Mukangoona, mudzandiuze. Ine mtima wanga sungapirire."

Ndinavomera ndi mutu.

Mayi Jolán anavala duku lakuda ndi nsapato za ku Misa. Ananyamula zikwama ziwiri: china cha tsekwe wowotcha ndi nkhaka za m'botolo, china cha mikate ya mtedza ndi jamu. Munthu sapita kwa mwana wake chimanjamanja. Basi ya m'mudzi yopita ku Levice sinali mayeso, poti dalaivala wake ndi mphwake wa wansembe ndipo amadziwa aliyense kumene akupita asananene. Mayeso ankayambira pa depoti ya ku Levice.

Pa depotipo ndinabisala kuseri kwa nyuzipepala. Sizinathandize. Anayima pamaso panga n'kutsitsa pepalalo ndi chala chimodzi.

"A Imrich. Wakutumani Timea."

Sanafunse, anangonena. Ine pakamwa panga pamachedwa kutseguka. Pamene ndinkapeza mawu oyamba, iwo anali atafika kale pakhomo la basi. Choncho anakwera akukhulupirira kuti liwu lililonse limene alankhule likafika m'khutu mwa mwana wawo.

Dalaivala anali bambo wonenepa wa ndevu zambiri zakumtunda, wovala malaya a ntchito amene anali asanachapidwepo, mizere ya m'sitolo ikuonekabe. Kunkazizira koma iye ankatuluka thukuta. Mayi Jolán anayika zikwama pansi, anakoka mpweya, n'kunena zonse. Moni, dzina la tauni ndi mchira wake woyenera, tikiti ya okalamba, ndi chonde pamapeto. Chondeyo anatuluka wouma koma anatuluka.

Dalaivalayo anangodina kamakina n'kuwapatsa kapepala. Anayankha liwu limodzi, ndipo nalonso linali lopunduka.

Mayi Jolán anayimabe, kudikira. Anali atakonzekera kufunsidwa ngati ali ndi khadi, ngati katunduyo ndi wawo, ngati akubwerera lero lomwe. Palibe anawafunsa. Anatembenuka mokhumudwa n'kupeza mtsikana wa sukulu atakhala mpando wa kutsogolo, mawaya ali m'makutu.

"Mpando uwu ndi wa okalamba. Sunthirani kumbuyo."

Anatero m'Chisilovaki choyera, ndi mawu a a Vendelín enieni. Mtsikanayo anadzuka ngati walumidwa. Ine ndinakhala pakati, monga ndinazolowera.

Tinalipo ochepa: ana a sukulu angapo, mayi wina ndi galu wamng'ono m'dengu, ndi bambo wa tayi amene anagona tisanatuluke m'tauni. Tinayenda bwino m'chigwa. Mayi Jolán milomo inkayenda, akuwerenga njira chamumtima, ndipo njirayo inkavomera.

Mapiri atayamba, tinapeza msewu wotseka. Panali zotchinga zofiira ndi zoyera, kuseri kwake makina akukumba. Chikwangwani cholozera kolambalala chinali chitagwera m'ngalande chafufumimba. Dalaivala anayimitsa basi. Anayang'ana foni yake, anaikweza m'mwamba, anaigwedeza. M'mapiri amenewo foni ndi chidole. Kenako anatembenukira kwa ife n'kufunsa m'Chisilovaki chake chotsimphina ngati alipo wodziwa njira.

Ana a sukulu sanamve. Wa tayi ankaliza mkonono. Mayi wa galu anayang'ana galu wake. Ine ku Zvolen ndinapitako kale pa sitima.

Mayi Jolán anayimirira n'kugwira chitsulo cha pafupi ndi dalaivala.

"Kumanzere," anatero.

Kumanzereko kunalidi msewu, waung'ono, wokwera m'nkhalango. Dalaivalayo anayang'ana msewuwo, anayang'ana mayiwo. Mawu a woweta atsekwe savuta kumvera. Anakhota.

Msewu unayamba kuchepa. Phula linasanduka zigamba, kenako zigambazo zinayamba kusowa. Nthambi zinkakanda mawindo. Dalaivala anayamba kung'ung'udza yekha, akuitana mayi ake ndi oyera mtima angapo. Ndinatchera khutu. Chinali Chihangare. Chokoka pang'ono ngati cha kummwera, koma Chihangare chathu chomwe.

Ndinaona khosi la mayi Jolán likuuma. Anamva. Anakhala ngati sanamve. Koma pa bampu ina chikwama cha tsekwe chinagwa, botolo la nkhaka n'kugubuduka, ndipo iwo analitukwana m'chinenero chimene munthu amatukwanira mabotolo.

Dalaivalayo anatsala pang'ono kutilowetsa mumtengo.

"Mayi, mumalankhula Chihangare? Mulungu ndi wamkulu. Ine ndine Lehel, wa ku Senta, ku Serbia. Ndabwera kumene kudzagwira ntchito, njira ino ndi koyamba. Ndiuzeni bwinobwino m'chinenero cha anthu, tikupita kuti?"

Mayi Jolán anacheuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Ndinakweza nyuzipepala. Ndikanatha kunena kanthu, koma a Vendelín anati ndisathandize, ndipo sindinadziwe ngati zimenezi ndi kuthandiza.

Anabwerera kwa Lehel n'kuyankha m'Chisilovaki.

"Musalankhule ndi dalaivala basi ikuyenda."

"Dalaivala ndi ine, mayi."

"Lunjikani."

"Ndakumvani ndi makutu anga mukutukwana botolo. Mayi anga amatukwana choncho. Chonde, msewu uno basi imadutsamo?"

Chisilovaki chawo chinalibe mawu onena kuti inkadutsa kale. Anapereka amene anali nawo.

"Pamlatho kumanja."

Ndipo mlatho unalipodi, wamiyala, wopapatiza. Lehel anauwoloka atatsinzina diso limodzi. Kutsidya kunali tchalitchi. "Pang'onopang'ono," anatero mayi Jolán, ndipo tinazungulira tchalitchicho galasi la m'mbali likupukuta khoma. Kuyambira pamenepo Lehel anasiya kutsutsa. Ankadandaula m'Chihangare, iwo n'kumayankha m'Chisilovaki, ngati banja lakale.

"Ndili ndi ana awiri, mayi. Andichotsa ntchito."

"Musatseke khomo."

"Mtima wanu ndi wa mwala."

"Konzani matikiti."

Tinalowa m'kamudzi ka nyumba zochepa, zambiri zotseka mawindo ndi matabwa. Pambali pa msewu panali kanyumba kodikiriramo basi, kodzaza nkhuni mpaka kudenga.

"Siteji. Imani."

Lehel anayima n'kutsegula chitseko. Pabenchi ya pafupi panali mkulu wina wovala nsapato zansalu za m'nyumba, akusenda apulo. Anayang'ana basiyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Anapinda mpeni, anavula chipewa, n'kukwera.

"Ndinkawauza kuti idzabweranso," anatero m'Chisilovaki cha kumapiri. Anakhala pansi pafupi ndi ine, anamaliza apulo wake, kenako anafunsa, "Ikupita kuti?"

"Ku Zvolen," ndinatero.

"Palibe vuto."

Bambo wa tayi anadzuka nthawi imeneyo. Anaona mitengo pawindo, anaona wotchi yake, n'kuyamba kulankhula zambiri za msonkhano ndi za kukadandaula kwa akuluakulu. Ana a sukulu anachotsa mawaya m'makutu. Galu anayamba kuuwa. Mmodzi wa anawo anafunsa ngati tabedwa.

Mwayi wake, tinafika pamene a Vendelín ankati apa tipume. Kale panali nyumba yodyera. Tsopano panali makoma opanda denga ndi mtengo womera m'khitchini. Koma njira ndi njira.

"Apa tipume," anatero mayi Jolán.

Anatsegula zikwama pa mpando wa kutsogolo. Tsekwe uja anawotchera Timea, koma basi yodzaza anthu anjala inali pafupi kuposa Timea. Anamugawa ndi manja. Aliyense analandira nyama, nkhaka ndi chidutswa cha mkate, ndipo ankawaitana mmodzimmodzi ndi mawu akuti konzani matikiti. Wa tayi anayesa kupitiriza dandaulo lake koma pakamwa panali podzaza. Galu analandira khungu n'kukhala chete. Kwa Lehel mayi Jolán anapereka mwendo wonse.

Anadya atatsamira chiwongolero. Kenako ananena motsitsa, m'Chihangare, kuti chichokereni kwawo sanadyepo chakudya chophikidwa ndi munthu womudziwa tsekwe, ndi kuti mayi ake amathira tsabola wofiira chimodzimodzi, pansi pa khungu.

Ndinawaona mayi Jolán akutsegula pakamwa. Ndikudziwa zimene zinali pa lilime lawo, chifukwa palibe mayi wa kwathu amene angamve mawu otere osafunsa za mayi akewo, za mudzi, za mtundu wa tsabola. Anandiyang'ana. Anatseka pakamwa. Anatenga chidutswa china cha mkate n'kuchiyika pa bondo la Lehel.

"Gwirani zolimba, basi ikunyamuka," anatero m'Chisilovaki, koma mofewa.

Tinatsika phirilo mpaka pamphambano. Apa njira inawasokonekera mayi Jolán. Pa njira ya a Vendelín, apa pankayenera kukhala mtengo waukulu, ndipo pamtengopo ndi pamene ankakhota. Mtengowo kunalibe, ngakhale chitsa. Nkhalango yonse ya pamenepo anaidula. Panali misewu itatu yofanana ngati mazira.

Lehel anayimitsa basi n'kuwayang'ana. Tonse tinawayang'ana. Milomo yawo inkabwereza njira kuchokera pamlatho, kufika apa, n'kuyima. Anabwerezanso. Anagwira chitsulo mwamphamvu. Ndinadziwa chimene ankaona pa misewu itatuyo. Ankaona galimoto ya katundu itayima pakhomo pawo.

Anasiya chitsulo, anayenda pakati pa mipando, n'kuyima pamaso pa mkulu wa nsapato zansalu. Anakonza duku. Mawu anatsika mpaka ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Pepani, bambo. Chonde, njira ya ku Zvolen ndi iti?"

Chondeyo anatuluka bwino, ngati wa munthu wopemphadi. Mkuluyo anasangalala kufunsidwa. Anayamba ndi chaka chimene anadula mitengo, anadutsa pa mlamu wake amene anagwa ndi ngolo pamalo omwewo, anafika pa mtengo wa nkhuni masiku ano. Mayi Jolán ankamuyang'ana pakamwa ngati mphaka pa dzenje la mbewa. Mawu ambirimbiri anadutsa osawadziwa. Kenako linatuluka limodzi lodziwika, ndipo analigwira.

"Zikomo," anatero. Anabwerera kutsogolo. "Kumanja."

Posakhalitsa phula linabwerera. Foni ya Lehel inadzuka n'kuyamba kulankhula, koma iye anaitembenuza chafufumimba.

Tinalowa m'depoti ya ku Zvolen kudzera kotulukira, basi ili matope mpaka m'mawindo, nthambi ya paini italendewera pagalasi. Timea ndi Ctibor anali atadikira mpaka miyendo kuwawa. Anali atayimbira kale wansembe wa kwathu, kenako a Vendelín, kenako chipatala. Chitseko chitatseguka, munthu woyamba kumuona anali mayi ake, atayima pafupi ndi dalaivala.

"Zvolen, pomalizira. Potsikira ndi kumbuyo. Musaiwale katundu."

Anthu anatsika mwadongosolo, aliyense akupukuta mafuta pakamwa ndi kuthokoza. Wa tayi nayenso anathokoza. Mayi Jolán anatsika pomaliza ndi zikwama zopepuka. Lehel anawatsatira n'kuwapsompsona dzanja.

Mapazi atangoponda pansi, damu linaphulika. Anamuuza Lehel m'Chihangare kuti amayendetsa ngati wanyamula mazira a anthu ena, kuti malayawo achape asanavale, kuti tsabola wa ku Senta ndi wabwino koma saposa wathu, kuti mayi ake awayimbire lero lomwe, ndi kuti Lamlungu lina abwere kudzadya. Lehel ankangoti inde mayi, inde mayi, akuseka ndi kupukuta m'maso.

"Amayi, mwachita chiyani?" anafunsa Timea.

"Ndabwera. Tikiti nayi. Zina funsa kazitape wako."

"Kazitape uti?"

Ndinali nditayima kuseri kwa chipilala. Ndinatuluka.

"A Imrich? Inu mwadzatani kuno?"

"Kudzaona," ndinatero.

"Sunawatume iwe?" anafunsa mayi Jolán.

"Ine ndiwatume bwanji, foni yomwe sayankha."

"Anandituma a Vendelín," ndinatero.

Mayi Jolán analoza Lehel.

"Ndiye kuti njira yonse ija ndikanatha kulankhula ndi mwana wa eni akeyu ngati munthu?"

"Mukanatha."

"Ndipo inu munangokhala."

"Munkachita bwino."

Ananena mawu ena okhudza ine ndi makolo anga, amene Ctibor anapempha kuti amumasulire koma Timea anakana. Kenako Timea anatembenukira kwa ine. Nkhope yake inali yoti akufuna zoona.

"Poti munalipo, ndiuzeni. Tikiti anagula okha?"

"Okha."

"M'Chisilovaki?"

"Chokhachokha. Kupatula kwa botolo."

"Njira anafunsa?"

"Anafunsa. Ananena ndi chonde yemwe."

"Anawathandiza ndani?"

Ndinayang'ana basiyo, ndi Lehel amene ankachotsa nthambi pagalasi.

"Othandiza anali iwo."

Timea atamumasulira, Ctibor anaseka mpaka kukhala pansi pa benchi. Timea sanaseke. Anayang'ana mayi ake, duku litapendekeka, mafuta a tsekwe pa malaya a ku Misa, n'kuwalanda zikwama zija.

"Zapepuka bwanji?"

"Unati atsekwe mudzadya. Ena akutsogolerani."

"Chabwino, amayi. Nyumba ndi yanu. Sindidzatchulanso."

Mkulu wa nsapato zansalu anali atayima pambali pathu nthawi yonseyi, akumvetsera mwaulemu zimene sankazimva. Anafunsa kuti yobwerera inyamuka nthawi yanji. Ctibor anakamutula pa galimoto yake, ndipo anabwerako atanyamula thumba la maapulo ndi mbiri yonse ya mlamu uja.

Chisanu chinabwera, galimoto ya katundu sinabwere. Koma munthu akaphunzira chinthu movutikira safuna kuchisunga m'kabati. Mayi Jolán anayamba kupita ku Zvolen sabata ndi sabata, nthawi zina osadziwitsa. Amakhala mpando wa kutsogolo. Akafika amakonza khitchini ya Timea mmene iwo akufunira, amayang'ana m'firiji, amauza Ctibor m'Chisilovaki kuti asunthire kumbuyo. Anayambanso kufunsa za basi za ku Nitra, kumene kuli msuweni wawo amene anakangana naye kalekale ndipo nkhaniyo sinathe.

Chipale chofewa chitakuta minda, Timea anandiyimbira foni. Ndinayankha chifukwa inalira nthawi yaitali.

"A Imrich, inu amayi amakumverani."

"Ayi."

"Yesani chabe. Muwauze kuti nyumba ija tinawasiyira kuti azikhalamo."

Ndinalonjeza kuti ndiwauza ndikawapeza. Sabata ino ndawaona kamodzi, pawindo la basi, akulozera dalaivala kanthu kena kutsogolo. Atsekwe ndikudyetsa ndine.